Chitsime cholondera madzi a pansi

M'mbali mwa depoti ya mafuta, kuseri kwa fakitale kapena pafupi ndi dziwe lotayiramo matope a mgodi mumatha kupeza kapaipi kachitsulo kotuluka m'nthaka kufika m'chiuno, kokhala ndi chivindikiro cha loko, pansi pake atathira konkire. N'chitsime ndithu, koma palibe amatungapo madzi akumwa. Akatswiri amachitcha monitoring well. Mjigo amaukumba pofuna madzi ambiri, pamene ichi amachikumba kuti adziwe zimene zalowa m'madzi a pamalo amodzi, pa kuya kumodzi. Ine ndimaona kuti aliyense wokhala pafupi ndi malo oterewa ayenera kudziwa mawu a ntchitoyi, chifukwa lipoti lonena kuti madzi ali bwino limadalira kumene chitsimecho anachiika ndiponso mmene madziwo anawatungira.

Madzi a pansi amakhala m'timipata ta mchenga ndi m'ming'alu ya thanthwe, ndipo gawo la nthaka limene limawasunga ndi kuwalola kudutsa amalitcha aquifer. Amayenda pang'onopang'ono, motsata lamulo limene Henry Darcy anafotokoza ku Dijon m'dziko la France mu 1856. Kuti mudziwe kumene akulowera pamafunika zitsime zitatu kapena kuposerapo, n'kuyeza pamene madzi alekeza m'chitsime chilichonse. Apa ndi pamene pamachokera mawu awiri aakulu: upgradient, kumtunda kumene madzi akuchokera asanafike pafakitale, ndi downgradient, kumunsi kumene akupita atadutsapo. Malamulo a ku America a malo ena osungira zinyalala zoopsa amafuna chitsime chimodzi kumtunda ndi zosachepera zitatu kumunsi. Zitsime zonse zikaikidwa kumtunda, lipoti lidzatuluka loyera chaka ndi chaka, poizoni akuyenderera kumidzi.

Poizoni akalowa m'madzi amatambalala kulowera kumunsi ngati utsi wotengedwa ndi mphepo, ndipo dera lonse limene wafika amalitcha plume. Ku Hinkley, m'chipululu cha Mojave ku California, kampani ya Pacific Gas and Electric inkagwiritsa ntchito chromium 6 poteteza makina ake ku dzimbiri, ndipo kuyambira 1952 mpaka 1966 madzi otsala okhala ndi mankhwalawo ankatayidwa m'maiwe osayalidwa kanthu pansi. Mu 1996 kampaniyo inavomera kulipira madola 333 miliyoni kwa anthu a kumeneko. Koma mkangano sunathere pomwepo, chifukwa miyala ya m'deralo nayonso imatulutsa chromium pang'ono. Mlingo wachilengedwe umenewu ndiwo background, ndipo popanda kuudziwa simungalembe malire a plume. Zinatengera bungwe la boma la USGS kuchita kafukufuku wa zaka zambiri kuti asiyanitse wa m'miyala ndi wa kufakitale.

Kamangidwe ka chitsime cholondera n'kosavuta kukafotokoza. Akabowola dzenje amatsitsamo paipi ya pulasitiki ya PVC, kawirikawiri ya mamilimita 50 m'mimba mwake. Chigawo china cha paipiyo chimakhala ndi timing'alu tolowera madzi; chimenecho ndicho screen. Amachizunguliza ndi mchenga wotsuka, pamwamba pa mchengawo n'kuthira bentonite, dongo limene limafufuma likanyowa, kenako simenti mpaka pamwamba pa nthaka. Bentonite akaikidwa mwaulesi, madzi akuda a pamwamba amatsetsereka m'mbali mwa paipi, ndipo chitsime cholondera chimasanduka njira ya poizoni.

Pofunika kuganiza kwambiri ndi pa kuya kwa screen. Petulo ndi dizilo n'zopepuka, zimayandama pamwamba pa madzi. Gulu lake amalitcha LNAPL. Screen ikamira yonse pansi pa madzi, mafutawo amadutsa pamwamba osalowamo. Mankhwala ena otsukira zitsulo, monga TCE, ndi olemera kuposa madzi, amamira mpaka atapeza dongo kapena thanthwe. Amenewo ndi DNAPL, ndipo chitsime chosaya sichingawapeze. Wobowola mosasamala akhozanso kuboola dongo limene linawatchinga n'kuwatsegulira njira yopita pansi.

Tsiku lotenga sampulo, choyamba ndi kuyeza pamene madzi alekeza, asanawavundule. Kenako amachotsa madzi ogona m'paipi, ntchito yotchedwa purging, popeza madzi okhalitsa m'paipi amasintha. Njira yakale ndi kuchotsa madzi okwana kudzaza chitsimecho katatu: paipi ya mamilimita 50 imasunga pafupifupi malita 2 pa mita iliyonse, ndiye madzi akuya mamita 10 amafuna kuchotsa malita pafupifupi 60, ndipo madzi amenewo sotaya pansi wamba. Njira ya low-flow imapopa pang'ono, osapitirira theka la lita pa mphindi, mpaka pH, mpweya wa oxygen ndi kuvunduka kwa madzi zitakhazikika. Mankhwala ouluka msanga amawatengera m'timabotolo ta mamililita 40, todzaza mpaka kusefukira, popanda kathovu ka mpweya ngakhale kamodzi. Mabotolo amalowa m'bokosi la ayezi pa madigiri 4, ndipo aliyense wowalandira amasaina pepala la chain of custody mpaka atafika ku labotale. Pamakhalanso botolo la madzi oyera, blank, loyenda nawo ulendo wonse kuti lisonyeze ngati litsiro lalowa m'njira.

Lipoti likabwera, zilembo zimene zimatonthoza anthu msanga ndi ND, kutanthauza kuti sanapeze. Koma makina alionse ali ndi detection limit, mlingo wochepetsetsa umene angathe kuona. Bungwe la WHO limati chromium m'madzi akumwa asapitirire mamaikrogramu 50 pa lita. Ngati labotale inagwiritsa ntchito njira yoyamba kuona pa 100, ND yakeyo siikutsimikiza kuti madziwo ndi abwino kumwa, ndipo sampuloyo iyenera kuyezedwanso ndi njira yoona pansi pa 50.