Zimene Wailesi ya Poto Ingatiphunzitse Pogula Mahedifoni

Acinyamata amene amabwela kudzaceza ku wailesi kuno ku Chongwe, kumene ndimathandizako nchito, amakonda kundifunsa funso limodzi akaona mahedifoni a mu situdiyo: "Akulu, ndalama zanga n'zocepa, ndigule otani?" Funso limeneli si latsopano. Agogo athu anakumana nalo zaka zoposa 70 zapitazo, ngakhale kuti iwo anali kufuna wailesi, osati mahedifoni. Mmene linayankhidwila nthawi imeneyo lingatithandize lelo.

Mu 1941 boma la atsamunda linatsegula nyumba youlutsila mawu ku Lusaka kuti anthu azimva nkhani za Nkhondo Yaciwili ya Padziko Lonse. Nkhondo itatha, nyumba imeneyi inachedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inali kuulutsa m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona ndi Cindebele, mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Vuto linali lakuti mawu anali m'mlengalenga, koma omvetsela anali ocepa. Mawailesi a nthawiyo anali odula, ndipo ambili anali kufuna magetsi, amene kumidzi kunalibe.

Harry Franklin, mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anayendela makampani kufunafuna amene angapange wailesi yochipa. Kampani ya mabatile ya Ever Ready ku Britain inavomela, ndipo mu 1949 wailesiyo inafika. Anaicha Saucepan Special cifukwa thupi lake linali ngati poto wa aluminiyamu wopanda cogwilila, wopakidwa utoto wobiliwila ngati thambo. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batile yake, imene inali kukhala pansi pa wailesiyo, inali masheleni 25 ndipo inali kutha pambuyo pa maola pafupifupi 300. Mabowo ake anawatseka ndi kansefa kuti tizilombo tisalowe. Sinali yokongola, koma inapangidwila fumbi, kutentha ndi nyumba yopanda magetsi.

Mapaundi 5 sanali ndalama yocepa, conco oyamba kugula anali aphunzitsi, makalaliki ndi anchito a m'migodi. Koma wailesi imodzi inali kusonkhanitsa anthu ambili. Kupyolela mwa iyo anthu anadziwa mawu a Alick Nkhata, woimba ndiponso muulutsi amene anali kuyenda m'midzi kujambula nyimbo za makolo. Pambuyo pake kunabwela mawailesi a tilanzisita, ndipo ena anali kupangidwa m'dziko lathu lomwe lino, ku fakitale ya ITT Supersonic ku Livingstone. Ndiwo anafikitsa Zamrock ya WITCH ndi Paul Ngozi, kenako kalindula wa PK Chishala, m'makomo mwa anthu.

Mahedifoni ali ndi mbili yawo. Mu 1910 Nathaniel Baldwin wa ku Utah ku America anali kuwapanga ndi manja kukhichini kwake, ndipo anawagulitsa kwa asilikali a pamadzi. Mu 1958 kampani ya Koss inatulutsa mahedifoni omvetselela nyimbo, ndipo mu 1979 Sony inabweletsa Walkman, imene inacititsa kuti munthu aziyenda ndi nyimbo zake m'makutu. Kuno kwathu mahedifoni anafala kwambili ndi kubwela kwa mafoni a m'manja. Lelo mlimi akhoza kumvetsela pulogilamu ya ulimi ali m'munda, foni ili m'thumba.

Tsono phunzilo la wailesi ya poto n'lakuti cinthu cabwino ca mtengo wocepa n'cimene cikugwilizana ndi malo amene udzacigwilitsila nchito. Ndikamayankha acinyamata aja ndimayambila pamenepo.

Coyamba, ganizilani za magetsi. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, tinali kukhala maola ambili tsiku lililonse opanda magetsi. Mahedifoni a Bluetooth amafuna kuchaja. A waya safuna. Komanso mafoni ambili amagwilitsila nchito waya wa mahedifoni ngati mlongoti wa FM, conco popanda waya simungagwile wailesi ya kwanu mosalipila intaneti.

Caciwili, yang'anani pamene pamafa. Mahedifoni ambili amaduka waya pafupi ndi pulagi. Sankhani a waya wocindikala, kapena amene waya wake umacoka kuti mudzagule wina m'malo motaya zonse. Ine ndinagulapo ena mu tauni cifukwa ca dzina lochuka limene linali pa bokosi, mtengo uli pansi modabwitsa. Mwezi usanathe, khutu limodzi linakhala cete. Dzina pa bokosi aliyense akhoza kulidinda.

Cacitatu, yesani musanalipile. Tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino, makamaka ya kalindula, cifukwa ili ndi besi, ng'oma ndi mawu pamodzi. Ngati besi ikumeza mawu a woimba, kapena mukumva kunyenyeka mukakweza pang'ono, asiyeni. Avaleni kwa mphindi zingapo muone ngati sakupweteka makutu. Amene amatseka bwino khutu amathandiza mu minibasi ya pa Great East Road, cifukwa simufunika kukweza kwambili kuti mupose phokoso la injini. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti voliyumu isapitilile 60 pelesenti. Mahedifoni akawonongeka mudzagula ena, koma kumva kukawonongeka ndi phokoso sikubwelelanso.

Pali cinthu cimodzi cimene wailesi ya poto inali naco cimene mahedifoni alibe. Nyimbo ikalila, banja lonse linali kuimva, ndipo ana anali kuphunzila nyimbo za akulu mosadziwa. Conco mukagula mahedifoni anu, madzulo ena muziwavula, muike foni pa mphasa, agogo nawonso amveko.