Oban, Khomo la Kwawo kwa Makolo a Livingstone

 Lero tiyendera limodzi kumadzulo kwa dziko la Scotland, ku tauni ya m'mphepete mwa nyanja yotchedwa Oban, dzina limene m'chinenero cha Gaelic litanthauza kadoko. Tauniyi inakula mozungulira nyumba yotchezera mowa imene inatsegulidwa m'chaka cha 1794, ndipo njanji itafika mu 1880, alendo anayamba kukhamukirako kukapuma m'nyengo yotentha.

Mlendo akangofika, maso ake amagwa pa chimpanda chozungulira cha miyala chimene chili pamwamba pa phiri. Anachimangitsa ndi John Stuart McCaig kuyambira mu 1897, pofuna kuti amisiri osema miyala asakhale manja lende m'nyengo yachisanu. Iye anamwalira mu 1902 ntchito isanathe, ndipo chimpandacho chilipobe, chopanda denga.

Koma chimene chatikokera ife kuno chili kutsidya. Mukakwera sitima yapamadzi pa Oban mufika pa chilumba cha Mull. Kuseri kwake kuli Iona, kumene Columba anafika kuchokera ku Ireland mu 563 nakhazikitsa mudzi wa amonke, ndiponso kachilumba ka Ulva. Pa Ulva ndipo panachokera agogo ake a David Livingstone, amene mu 1792 anasamuka ndi banja lawo kukagwira ntchito ku fakitale ya thonje ku Blantyre, pafupi ndi Glasgow. Mdzukulu wawoyo anabadwira kumeneko mu 1813, ndipo dzina la mudziwo ndilo amishoni anapatsa Blantyre wathu mu 1876.

Nanga otsala pa Ulva zinawathera bwanji? Mu 1835 chilumbacho chinagulidwa ndi Francis William Clark. Mbatata zitagwidwa ndi matenda mu 1846, anthu analephera kulipira lendi, ndipo mwini malo anawathamangitsa m'nyumba za makolo awo. Pamene kale pankakhala anthu oposa 500, pofika mu 2018 panatsala osakwana khumi. M'chaka chimenecho eni dera, mothandizidwa ndi ndalama za boma la Scotland, anachigula chilumbacho kuti chikhale chawo.

Akuluakulu a ku Thyolo ndi ku Mulanje, inu amene munamva kuwawa kwa thangata, nkhaniyi si yachilendo kwa inu. Njala ya malo siiona khungu la munthu. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata yamawa.