Bawo ndi Masewera Ena Odza ndi Alendo pa Ntaja

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Liwonde kulinga ku Nselema ndi ku Namwera, akatsika pa Ntaja dzuwa litapendeka, ogulitsa mpunga ndi nsomba za ku Chiuta atayamba kumanga katundu wawo, adzaona magulu awiri a anthu opumula ku thukuta la tsikulo: pakhonde pa sitolo kapena patsinde pa mtengo wa mango pali abambo ozinga thabwa la bawo, ena chikhalire, ena chiimire, onse akulankhulira pamodzi, ndipo chapatali pang'ono pali anyamata ozyolikira pa kagalasi kowala ka m'manja, zala zokha zikugwira ntchito, pakamwa pali duu. Ambiri a ife timafulumira kunena kuti oyambawo akusunga mwambo wa makolo ndipo enawo atengeka ndi zachilendo. Komatu iye amene afunsa bwino mbiri ya dera lino adzapeza kuti bawo nayonso idali mlendo tsiku lina, kuti idalowa m'mudzi ndi amtengatenga monga gemu ya m'manja idalowa ndi obwera ku Joni, ndi kuti mtengo wake wa masewera alionse uyesedwa pa chimene amachita ndi anthu okhala pambali.

Isanafike bawo, makolo athu sadali anthu osowa chosewera. Abambo ankakumba mizere ya timaenje pamthunzi nasewera nsolo kapena nchuwa ndi timiyala, ndipo mvula ikafafaniza maenjewo ankangokumba ena, pakuti bwalo lotere silidali la munthu mmodzi, ndipo palibe adaligula. Anyamata ankakwapula nguli ndi kuponyerana nsikwa, atsikana ankawakha phada, ndipo mwezi ukawala ana onse ankatuluka kukachita chibisaliro kufikira amayi awo atawaitana. Zipangizo za masewera onsewa zidali zotola pabwalo pomwepo, ndipo onse ankafuna mnzako wosewera naye.

Cha m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, Ayao a fuko la Amachinga, atasamuka kwawo kum'mawa m'dziko limene lero litchedwa Mozambique, adadzakhazikika m'mapiri ndi m'zigwa za pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja za Chiuta ndi Chilwa, pansi pa mafumu onga a Kawinga ndi a Liwonde, amene maina awo akali kumveka mpaka lero. Anthu amenewa adali amalonda a mtunda wautali kuyambira kale, oyenda miyezi yathunthu kukafika ku Kilwa ndi madoko ena a kunyanja yamchere, atasenza minyanga ya njovu, ndiponso, chinthu chimene mbiri yoona siingabise, akukusa anthu anzawo ogwidwa ukapolo. Pobwera ankanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Koma adatenganso zina zosalemetsa mtolo, ndizo chipembedzo cha Chisilamu, mavalidwe a mkanjo ndi mzuli, ndi masewera amene adawaona pamakonde a Aswahili, a pa thabwa losema, okhala ndi malamulo ozama koposa a nsolo. M'chaka cha 1895 asilikali a boma la Harry Johnston adalanda linga la a Kawinga pa phiri la Chikala, ndipo malonda oipa aja adazilala. Mfuti za gogodela zidachita dzimbiri, mikanda idamwazika, koma thabwa la bawo lidatsala pakhonde, ndipo kuchokera kwa Ayao lidafalikira kwa Anyanja, Alomwe, Angoni ndi mitundu ina ya dziko lino, kotero kuti udapherezeka mwambi uja wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pofika chaka cha 1913, pamene Dr. Meredith Sanderson, sing'anga wa boma la Nyasaland amene adalembanso buku la malamulo a chiyankhulo cha Chiyao, ankalemba za masewera a anthu a kuno, bawo idali itawerengedwa kale pamodzi ndi masewera athu.

Tiyeni tiime pang'ono pambali pa thabwalo. Lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndipo nkhomo zake ndi 64, aliyense theka. Pa mzere wakutsogolo wa wosewera aliyense pali dzenje limodzi la ngodya zinayi, ndilo nyumba. Ndipo monga mwa kaseweredwe ka kuno kwathu, poyamba amaikamo nkhomo 8, m'maenje awiri otsatana nalo ziwiriziwiri, zotsala 20 n'kusungidwa pambali. Wosewera amatenga nkhomo imodzi naiponya m'dzenje lake loyang'anana ndi la mnzake momwe muli kanthu, nadya zonse za m'menemo, nazifesa imodziimodzi kuyambira kumapeto kwa mzere wake. Yomaliza ikagwera pamene pali zina ulendo upitirira, kudya kapena kunyamula, kufikira itagwera m'dzenje lopanda kanthu, ndipo apo amati wagona. Pakasowa chakudya munthu amangotakata, akutchera msampha wa mtsogolo. Ndipo wogonja ndiye amene mzere wake wakutsogolo wauma, kapena amene wasowa poyenda.

Katswiri weniweni saloza maenje ndi chala powerenga, pakuti kutero n'kuulula chiwembu chake. Amangopenya thabwalo ali chete, mutu ukuzungulira mizere kawiri kapena katatu, kenaka dzanja liuluka, nkhomo zili kho! kho! kho! m'maenje, ndipo oonerera aphulika ndi mfuwu. Wina afunsa, “Ambuje, nyumbayo mwaisiyiranji pamtetete?” Mkuluyo ayankha osatukula maso, “Dekhani, amwene, kuona maso a nkhono n'kudekha.” Wogonja anyamuka, wina akhala, ndipo pakati pa masewerawo pakambidwa za mtengo wa mpunga, za maliro a kumudzi wakuti, za mnyamata wofuna ankhoswe. Pamenepo ndi pamene mwana woimirira kumbuyo kwa amalume ake adaphunzira kuwerengera mumtima, kuona patali, kugonja osakwiya, ndi kutsutsa wamkulu mwaulemu. Ndipo chilema chimodzi chokha cha bwalo limenelo chidali chakuti kawirikawiri ana aakazi sankapatsidwa malo.

M'zaka za ulamuliro wa Angerezi, pamene amuna ankapita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni nabwerako ndi njinga ndi magalamafoni, m'midzi mudalowanso makhadi ndi drafuti. Mudzi udachita nazo monga achita mayi wogwira lichero, wosunga mpunga nataya mankhusu: drafuti idalandiridwa, nisewereka pa katoni ndi zitsekerero za mabotolo, zina zoyang'ana kumwamba, zina zovundikira, koma makhadi, pamene adasanduka njuga nayamba kudya ndalama za ndiwo, akulu adawadzudzula m'mizikiti ndi m'matchalitchi momwe, ndipo otchova juga adathawira kuseri kwa nyumba.

Pamenepo n'kuti kutali ku Japan kukuphikidwa mlendo wina. Kampani ya Nintendo, imene idayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto ndi ntchito yopanga makhadi osewerera, idatulutsa mu 1980 timasewera ta m'manja totchedwa Game & Watch, mwa nzeru za mmisiri wake Gunpei Yokoi, ndipo mu 1989 idatulutsa Game Boy, imene idatchuka kwambiri ndi masewera a Tetris, opangidwa ndi Alexey Pajitnov ku Moscow cha mu 1984. Game Boy yeniyeni idali ya ana a anthu olemera a m'mizinda. Chimene chidafika pa misika yonga wa Ntaja chidali chotsanzira chake chotsika mtengo cha ku China, brick game, makamaka zitatha zisankho za 1994, pamene a Bakili Muluzi, mwana wa ku Kapoloma m'boma lomweli la Machinga, adatenga utsogoleri wa dziko, ndipo malonda a mavenda adadzaza m'mbali mwa misewu.

Amene adali ana masiku amenewo sadzaiwala kuonana koyamba ndi brick game imeneyi. Kadali kabokosi ka pulasitiki kokwana m'chikhatho, kagalasi kotuwa kumtunda, mabatani kumunsi, mabatire awiri kumbuyo; ndipo ngakhale pamwamba pake padalembedwa kuti muli masewera 9999, enieni adali owerengeka, ongobwerezedwa, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tinjerwa takuda tinkatsika kuchokera kumwamba, wosewera natitembenuza kuti tidzaze mzere. Mzere ukadzaza unkafafanizika, liwiro n'kumakula, kufikira mulu utagunda kumwamba, ndipo pamenepo ankati wafa. Mwini wake ankayenda ndi chigulu cha ana pambuyo, mitu isanu kapena isanu ndi umodzi itagundana pa kagalasi kamodzi, wamng'ono akudandaulira, “Achimwene, mukafa mundipatseko.” Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa, ena kuwaluma ndi mano, kuti alavule mphamvu yotsala. Taonani tsono chinthu choyenera kuchisinkhasinkha: kabokosi kameneka kadapangidwira munthu mmodzi, koma chifukwa kadali kamodzi m'mudzi wonse, ana athu adakaphunzitsa mwambo wa pabawo, wakuti wogonja apatse mnzake, ndipo oonerera akhale ndi mawu.

Zidayamba kusintha pamene mafoni a m'manja adachuluka. Kampani ya mafoni ya TNM idakhazikitsidwa mu 1995, ya Celtel idayamba ntchito mu 1999, ndipo posapita zaka zambiri foni zonga Nokia 3310 ya mu 2000 zidafika ndi kanjoka kawo ka Snake, kotalika pa chakudya chilichonse kufikira katadziluma kokha. Pambuyo pake padadza mafoni a galasi lalikulu, ambiri otumizidwa ndi ana athu ogwira ntchito ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndi tinyumba tolipiritsa anyamata kusewera mpira pa PlayStation. Lero opanga zinthuzi sapuma: mu June 2025 Nintendo idatulutsa Switch 2 pa mtengo wa madola pafupifupi 450 a ku America, ndalama zimene mlimi wa mpunga sangaziponye pa choseweretsa; koma foni ya m'thumba ikugwira kale ntchito yomweyo, ndipo popeza aliyense akufuna yakeyake, mitu ija idagundana pa kagalasi kamodzi yayamba kutalikirana, ndipo mwana angathe kukhala pakati pa abale ake madzulo onse osamva liwu lawo.

Chifukwa chake sindinena kuti titseke chitseko pamaso pa mlendo watsopanoyu, pakuti makolo athu akadatero kwa amalonda a ku Kilwa, bwenzi tilibe bawo. Ndipo masewera a m'manja nawonso amanola maso ndi zala, nazoloweza ana makina amene adzadyera mawa. Chimene ndinena n'chakuti ntchito yopeta ija isalekeke pa mbadwo wathu, ndipo muyeso wake ukhale womwe uja wakale: masewera amene aitana anthu kuti asendere pafupi asungidwe, ndipo amene abalalitsa a pabanja limodzi aikiridwe malire. Aphunzitsi aike thabwa la bawo m'sukulu, pakuti ndi masamu osafuna choko kapena batire. Makolo akhale pambali pa mwana wogwira foni, afunse chimene akusewera, ndi kumuuza kuti akafa apatseko mng'ono wake. Ndipo inu akuluakulu a ku Ntaja, Nselema, Liwonde ndi Balaka, amene muli ndi nzeru ya nkhomo m'mitu yanu, musapite nayo kumanda: tulutsani thabwalo madzulo ano, itanani mdzukulu wanu, wamwamuna kapena wamkazi, mumukhazike patsogolo panu, ndipo mumuphunzitse kutakata.