Mwambo Wobweza Chobwereka Mkati mwa Kompyuta

Pamene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kumanga Unix ku Bell Labs, ku Murray Hill m'chigawo cha New Jersey, m'chaka cha 1969, anaika lamulo limene amisiri akulitamandabe kufikira lero, lakuti chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta, kaya ndi makina a tepi, chosindikizira kapena mzere wa lamya, chizitsegulidwa, kuwerengedwa, kulembedwa ndi kutsekedwa monga fayilo wamba. Mwa ntchito zinayizi, zitatu zoyamba ndizo zimene wogwiritsa ntchito amaziona ndi kuziyamikira. Koma yotsiriza, imene palibe amaithokoza ikayenda bwino, ndiyo inayesa luso ndi chikumbumtima cha olemba ma driver, timapulogalamu timene timayankhulira chipangizo mkati mwa kernel, amene ali mtima wa makina onse.

Tiyang'anitsitse makina a tepi a kompyuta ya PDP-11, monga anali kuyendera mu Unix wachisanu ndi chimodzi wa 1975. Munthu akatha kulemba pa tepi natseka, driver sanali kungoleka ntchito ayi: anali kuyamba walemba zizindikiro ziwiri zosonyeza mathero, kuti wodzawerenga pambuyo asapyole malire, kenaka n'kukulunga tepiyo kufikira poyambira, ndipo atatero ndi pamene anali kulengeza kuti makinawo ali pa ufulu. Pa mzere wa lamya namonso munakhazikika mwambo wakuti kutseka kuzidula kulumikizana, kuti mlendo woimba pambuyo pake asalowe m'ntchito ya mnzake. Kutsekako kunali ngati kubweza khasu la mnansi: sulisiya m'munda, koma umalichotsa dothi n'kukalipereka m'manja mwa mwini wake.

Panali funso lina lovuta. Popeza pulogalamu ya Unix imatha kubala inzake, ndipo mwanayo amalandira mafayilo onse amene kholo linatsegula, chipangizo chimodzi chinkakhala m'manja mwa ambiri nthawi imodzi. Tsono driver akadatseka pa pempho la woyamba kuchoka, otsalawo akadagwira m'madzi. Nzeru imene anaipeza inali yowerenga: kernel amasunga chiwerengero cha ogwira, chimene chimakwera wina akabwera ndi kutsika wina akachoka, ndipo driver amaitanidwa kuti atseke pokhapokha wotsiriza atatuluka. Linux, amene Linus Torvalds anamuyamba ku Helsinki mu 1991, analandira cholowa chimenechi, ndipo ntchito yake yotchedwa release imadikirabe wotsirizayo.

Koma zipangizo zitakula mphamvu, zimene driver amabwereka zinachulukanso: malo a memori, mzere wa interrupt umene chipangizo chimaitanira purosesa, ndi njira ya DMA, imene chipangizo chimalembera mu memori chokha popanda kudzera mwa purosesa. Apa ndi pamene dongosolo lobwezera linakhala nkhani ya moyo ndi imfa ya makina. Mmisiri wanzeru amayamba wakhalitsa chete chipangizocho, nabweza mzere woitanira, nadikira kuti ntchito zonse zili m'njira zithe, ndipo memori amaimasula pothera penipeni. Pakuti akaimasula msanga, kernel adzaipereka kwa wina, chipangizo chidzalembabe momwemo, ndipo zolemba za wosalakwa zidzaonongeka popanda wodziwa gwero lake. Madzi akatayika saoleka. Woiwala kubweza nayenso amapha makina, koma pang'onopang'ono, memori ikuchepa tsiku ndi tsiku kufikira palibe chotsala.

Chifukwa cha ichi olemba Linux anasunga liwu la goto, limene Edsger Dijkstra analidzudzula m'kalata yake yotchuka ya 1968. Kumapeto kwa ntchito yotsegula amandandalika masitepe obwezera, chotengedwa pomaliza chili pamwamba, choyamba chili pansi. Zikakanika pa sitepe yachitatu, pulogalamu imalumphira pobwezera chachiwiri, n'kutsikira pa choyamba, osakhudza chimene sichinatengedwe. Koma popeza njira zolepherazi siziyendedwa kawirikawiri, zolakwa zinkabisala m'menemo zaka zambiri.

USB itafika mu 1996, munthu aliyense anapatsidwa mphamvu yozula chipangizo nthawi imene wafuna, ndipo chakudza sichiimba ng'oma: chipangizo chinkachoka pulogalamu ikadachigwira. Olemba anayenera kulekanitsa kuchoka kwa chitsulo ndi kumasulidwa kwa zolembedwa za chitsulocho, ndipo kref, imene Greg Kroah-Hartman anaibweretsa mu 2004, inapatsa onse njira imodzi yowerengera ogwira. Mu 2007 Tejun Heo anaonjeza devres, momwe kernel amalemba m'kaundula chilichonse chimene driver wabwereka, nazibweza zonse mobwerera m'mbuyo driver akasiyana ndi chipangizo. Ndipo mu December 2022, Linux 6.1 analandira chiyambi cha chilankhulo cha Rust, chimene chimabweza chinthu chokha mwini wake akatha nacho, ndi kukana zolemba zofuna kugwira chimene chinabwezedwa kale.

Tikayang'ana zaka zonsezi tiona kuti mtolo umene poyamba unali pa chikumbukiro cha munthu mmodzi unasandulika mwambo wa amisiri, kenaka n'kusenzetsedwa makina. Ndipo n'koyenera kutero, pakuti munthu amaiwala. Komabe kaundula sadziwa ngati chipangizo chakhaladi chete, ndiponso sadziwa amene akali kuchidalira. Zimenezo ayenera kuzisinkhasinkha mlembi yekha, ndipo ine ndikhulupirira kuti wophunzira ntchito imeneyi aziphunzitsidwa kulemba njira yotsekera tsiku lomwelo limene walemba yotsegulira, popeza makina amene zipatala, mabanki ndi mafoni athu akudalira sayembekezeka kuzimitsidwa madzulo alionse kuti zoiwalika zifafanizike.