Njerwa, Mapepala ndi Pakamwa pa Agogo

Nyumba ya Mandala ku Blantyre inamangidwa mu 1882, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zomwe zikadali chiimire m'Malawi muno. Eni ake anali a kampani ya African Lakes, yomwe ankaiyendetsa anthu awiri apachibale ochokera ku Scotland, John ndi Frederick Moir. Kumpoto nakonso kuli Stone House ku Livingstonia, komwe ankakhala Dr Robert Laws, ndipo lero ndi malo osungirako zinthu zakale. Nyumba zoterezi zinapulumuka chifukwa zinali za njerwa ndi miyala, komanso eni ake anali ndi owateteza. Tchalitchi cha John Chilembwe ku Mbombwe chinalinso cha njerwa, koma boma la atsamunda linachigwetsa mu 1915. Apa m'pamene munthu amaonera kuti kusunga mbiri sikunayambe mwachilungamo.

Mapepala nawo sanakhale pamtendere. Mu 1919 moto unawononga maofesi a boma ku Zomba, zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa Angerezi n'kusanduka phulusa. Koma chaka chomwecho, mu Zomba momwemo, munasindikizidwa buku la wansembe Yohanna Abdallah, Chiikala cha Wayao, lofotokoza mbiri ya Ayao monga ankaikambira akuluakulu. Ena anatsata njira yomweyo: Yesaya Chibambo analemba za Angoni, ndipo Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, anatulutsa Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Anthu amenewa tiziwalemekeza kwambiri. Analibe makina ojambulira mawu. Chida chawo chinali kukhala pansi ndi mafumu ndi nkhalamba, kufunsa mwaulemu, kumvetsera mofatsa, kenako kulemba m'chiyankhulo cha anthu omwewo. Zambiri zimene timadziwa za mafumu monga Kalonga, Undi ndi Mwase zinadzera pakamwa chonchi zisanafike pa pepala.

Mabungwe anabwera pambuyo. Nyasaland Society inakhazikitsidwa mu 1946, n'kuyamba kutulutsa magazini yake mu 1948. Dziko litalandira ufulu, bungweli linasintha dzina n'kukhala Society of Malawi. Malo osungira zikalata za boma anatsegulidwa ku Zomba mu 1947, ndipo nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri inatsegulidwa mu 1966.

Makina ojambulira mawu atafika, ntchito inasintha. Hugh Tracey anayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, ngakhale kuti zojambulazo zinakasungidwa ku South Africa, kutali ndi zidzukulu za oimbawo. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri athu monga Kings Phiri ndi Owen Kalinga, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, anafunsa akuluakulu za mafuko, maufumu ndi maulendo a makolo. Sinali nthawi yophweka, poti mu ulamuliro wa chipani chimodzi panali mayina osatchulika, ndipo wokalamba wochenjera ankadziwa polekezera nkhani. Zambiri za m'ndende monga Mikuyu ndi Dzaleka zinayamba kukambidwa poyera ulamulirowo utatha mu 1994, ena monga Jack Mapanje ndi Vera Chirwa n'kulemba mabuku a zomwe anaziona.

Lero laibulale ya Society of Malawi ili m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ya Mandala, momwe muli mabuku, mamapu ndi zithunzi zakale, ndipo bungweli limaitana olemba ndi ofufuza kudzakamba nkhani. Misonkhano yotere ndi yofunika, chifukwa wolemba akaima pamaso pa anthu amafunsidwa, amatsutsidwa, mwina n'kukumana ndi mdzukulu wa munthu amene anamulemba m'buku. Chondidandaulitsa n'chakuti zokambirana zambiri zamtunduwu zimachitika m'Chingerezi komanso m'tauni, pomwe agogo omwe anaona chitaganya cha Federation ndi zipolowe za 1959 ali kumudzi, ndipo akutha mmodzimmodzi. Pafupifupi foni iliyonse ya masiku ano imatha kujambula mawu. Chosowa ndi mphunzitsi wotuma ana ake kukafunsa, ndi malo odalirika pa boma lililonse osungirako zojambulazo kuti zisathere m'foni ikawonongeka.