Mazira a Nsomba: Mbiri ya Nyambo Yoletsedwa

Ife amene tidakulira kumtunda kuno kwa Kasina si ife asodzi. Nyanja tidayamba kuimva m'nkhani za ogulitsa nsomba, aja ankakwera zitunda kuchokera ku Mtakataka ndi ku Chipoka atamangirira madengu a usipa ndi utaka panjinga. Komabe mnyamata aliyense wa msinkhu wathu adagwirapo mbedza. Mvula ikagwa, madambo n'kudzaza, tinkakumba nyongolotsi kudzala, kutola ziwala ndi ngumbi, kenaka n'kutsetserekera kumtsinje kukawedza matemba ndi milamba. Tsiku lina nyambo itatithera, tidatumbula mlamba umene udali ndi mazira tho, n'kuyesa kukoloweka mazirawo kumbedza. Sadachedwepo. Ena adaphwanyikira m'zala, ena adayoyoka tisadaponye n'komwe, ndipo otsalawo madzi adakokolola. Tidaseka n'kuiwalako. Patapita zaka zambiri ndidawerenga kuti chimene chidatikanika ife tsiku limenelo anthu a maiko ena adachitha kalekale, ndi kutinso luso limenelo lidabala milandu imene idakafika mpaka ku nyumba ya malamulo.

Mbiri yake imayambira pa nsomba yotchedwa salimoni, imene imapezeka m'maiko ozizira a kumpoto monga Scotland, Norway, Canada ndi America. Nsombayi imabadwira mumtsinje, n'kukakulira m'nyanja ya mchere, ndipo ikakhwima imabwerera kumtsinje komwe idabadwira kukaikira mazira. Yaikazi imakumba kadzenje m'timiyala ta pansi pa madzi ndi mchira wake, kuikira mazira, n'kufotsera. Koma si onse amene amafotsereka. Ena amatengedwa ndi madzi, ndipo nsomba zina zimandandalika kumunsi kudikira chakudya chimenechi. Msodzi ndi munthu wa maso. Ataona kuti nsomba zimachita kulimbirana mazirawo, adadziwa kuti wapeza nyambo yoposa nyongolotsi. Ku England nyamboyi idayamba kutchulidwa m'mabuku a zowedza m'zaka za m'ma 1600.

Zovuta zidali ziwiri: dzira la nsomba n'lofewa, ndiponso limaola msanga, pomwe nyengo yoikira mazira imadza kamodzi pachaka. Nzeru imene adapeza ndi yomwe amayi athu amaidziwa bwino pofutsa ndiwo, kuti chinthu chikachotsedwa madzi sichiola. M'mimba mwa nsomba mazira amakhala m'matumba awiri a kachikopa kopyapyala. Msodzi amachotsa matumbawo mosamala, kupukuta magazi onse chifukwa magazi ndiwo amayambitsa kuola, n'kuwadula nthulinthuli. Akatero amawaza mchere. Mcherewo umakoka madzi a m'dziramo, khungu lake n'kulimba, kotero kuti mbedza ikabaya dziralo siliphulika. Akale ena ankasinja mazirawo ndi mchere n'kupanga phala lolimba losunga m'timitsuko. Pambuyo pake asodzi a ku America adazolowera kusakaniza mchere, shuga ndi ufa woyera wotchedwa borax, umene umaumitsa mazira popanda kuwasandutsa mwala, ndipo ena amathirako utoto wofiira. Luso lonse lagona pa muyeso: mchere ukachuluka mazira amakwinyika ndipo nsomba zimawakana, ukachepa amachita nkhungu. Okonzedwa bwino amakhala miyezi yambiri pamalo ozizira.

Nyamboyi idagwira ntchito mopitirira muyeso. Taganizani, kuti munthu apeze mazira ayenera kupha nsomba yaikazi isadaikire, ndipo nsomba imodzi imanyamula mazira zikwizikwi. Akatero amatenga mazirawo n'kupheranso nsomba zina. Ndiye kuti mtsinje ukuluza kawiri. Anthu ena adayamba kupha salimoni usiku m'malo oikira mazira, osati pofuna ndiwo ayi, koma pofuna mazira ogulitsa kwa owedza. Salimoni itachepa m'mitsinje ya ku England, mwa zina chifukwa cha zonyansa za m'mafakitale ndi madamu otchinga njira yake, boma lidakhazikitsa lamulo la 1861 loteteza nsombayi, ndipo mwa zoletsedwa mudali kuwedza ndi mazira a nsomba. Lamulo la 1975 lidabwerezanso chiletso chomwecho. Kumadzulo kwa America ndi Canada zinthu zidayenda mosiyana. Kumeneko kufutsa mazira kudasanduka malonda, ndipo amagulitsidwa m'mabotolo m'masitolo, ngakhale kuti ilipo mitsinje imene nyambo yamtundu uliwonse njoletsedwa.

Mwina wina afunsa kuti za ku England zikutikhudza bwanji ife a ku Dedza. Chaka chomwecho cha 1861, David Livingstone ndi John Kirk adayenda pabwato m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi, ndipo adaona nsomba imene idawakumbutsa salimoni ya kwawo. Nsombayo ndi mpasa, pamodzi ndi mbale wake wocheperapo, sanjika. Kunena zoona mpasa sali pachibale ndi salimoni. Ali m'banja limodzi ndi usipa, matemba ndi ntchila. Koma khalidwe lake ndi lomwelo: amakulira m'nyanja, n'kukwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala, m'madzi oyera othamanga. Livingstone adalemba m'buku lake la 1865 kuti anthu ankatchinga mitsinje ndi mipanda yokhala ndi mipata, pampata uliwonse atatcherapo mono, mwakuti iye adadabwa kuti nsomba n'kupyola bwanji. Komabe zinkapyola. Mipanda ya mabango inkagumuka madzi akasefukira, maukonde a bwazi ankafuna miyezi kuti alukidwe ndipo ankaola msanga, komanso anthu adali ochepa.

Chodabwitsa n'chakuti mwambo wofutsa mazira a nyambo sudamere mizu kwathu kuno, ngakhale nsomba ya mazira inkagwidwa yambiri. Ine ndimaona zifukwa ziwiri. Choyamba, msodzi wa kunyanja nyambo sadaisowepo. Usipa ulipo, ndipo ndiwo amakoloweka kumbedza za kampango, bombe ndi ncheni. Wa kumtsinje ali ndi nyongolotsi, ziwala ngakhale nsima. Munthu angavutikirenji kusunga chinthu chimene mawa adzatola chachiwisi? Chachiwiri, kwathu mazira a nsomba ndi ndiwo. Mayi akapeza mazira potumbula nsomba sataya, amaphikira kumodzi, ndipo ana amachita kukanganirana. Kupatsa nsomba chimene mwana akulirira kukadaoneka ngati misala. Ngakhale Azungu amene adabweretsa nsomba ya trout m'mitsinje ya pa phiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 sadabwere ndi nyambo ya mazira. Iwo ankawedza ndi mbedza zomangirira nthenga kuti zioneke ngati tizilombo touluka, monga mwa chizolowezi cha kwawo kumene mazira adali ataletsedwa kale.

Pano ndipatukeko pang'ono, pakuti m'nyanja yathu muli nsomba imene imadziwa kukoma kwa mazira kuposa msodzi aliyense. Kampango amalera ana ake pachisa pansi pa madzi, bambo ndi mayi kulondera limodzi. Akatswiri amene adamira n'kuonerera adapeza kuti kampango wamkazi amatulutsa mazira osabereka kuti anawo adye, monga mmene mayi amayamwitsira. Chambo nacho chili ndi njira yake: chachikazi chimafungatira mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana timathawira momwemo pakagwa zoopsa. Chotero khoka likakokolola chambo m'nyengo yoswana, limapha mayi ndi ana omwe nthawi imodzi.

Tsono ngakhale sitidakoloweke mazira kumbedza, kuluza kawiri kuja sikudatiphonye. Umboni wake ndi ntchila. Pamene akatswiri atatu, Bertram, Borley ndi Trewavas, ankafufuza za nsomba za m'nyanja yathu mu 1939, ndiponso pamene Rosemary Lowe adapitiriza ntchitoyo kuyambira 1945 mpaka 1947, ntchila idali m'gulu la nsomba zochuluka zedi. M'zaka za m'ma 1950 kudafika maukonde a nailoni, amene saola ndipo safuna woluka. Ntchila imasonkhana pa mathiriro a mitsinje madzi akasefukira, pokonzekera kukwera kukaswa, ndipo pomwepo ndi pomwe matchera ankaidikira. Pomatha zaka za m'ma 1960 idali itachepa kwambiri, ndipo sidabwererenso mwakale. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika ntchila ndi mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Ambiri a inu ntchila mudangoimva dzina.

Si onse adagona. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi onse amachoka pachilumbapo mpaka mfumu itatsegulanso mu Epulo. Boma nalo lidaika nyengo yotseka nyanja, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 lidapatsa anthu a m'midzi mphamvu yoyang'anira madoko awo pamodzi ndi alangizi. Kutchera katupe, amene amapha chilichonse m'dziwe osasiya ndi kamwana komwe, n'koletsedwa. M'maganizo anga, njira ya ku Mbenji idapambana chifukwa woletsa ndi woletsedwa amadziwana, amakumana pamaliro ndi pamilandu. Lamulo lochokera kutali limafuna bwato ndi mafuta kuti lifike padoko.

Koma pali mdani wina wa mazira amene sagwira ukonde, ndipo ameneyo ndi ife a kumtunda. Madzi ambiri a kuno kwathu amatsikira mu Linthipe, amene amalandiranso Diamphwe ndi Lilongwe asadakathire m'nyanja ku Salima. Mazira a mpasa amagona m'mipata ya timiyala, ndipo amapuma mpweya wobwera ndi madzi odutsa m'mipatamo. Tikadula mitengo m'mapiri, tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tikatentha tchire, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya pa timiyala tija. Matope akatseka mipata, mazira amabanika osaswa. N'chifukwa chake mtsinje wa Bua, umene chigawo chake chakumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, udatchuka kuti ndiwo mtsinje wa mpasa, ngakhale nawonso umalandira matope ochokera m'minda ya kumtunda kwake.

Dzinja lapitali ndidaima pamlatho wa Linthipe pa msewu wopita ku Lilongwe. Madzi adali ofiira ngati dothi la katondo, ndipo ndidazindikira kuti lina mwa dothilo lidachokera m'munda mwanga momwe, umene mizere yake yakumunsi ndidailima moyang'ana kumtsinje. Pansi pa mlathowo padali anyamata awiri ndi mbedza zawo, chitini cha nyongolotsi chili pambali. Ndidawafunsa ngati adaonapo mpasa. Wamkuluyo adayankha mwaulemu kuti mphasa ili kunyumba, amagonapo ndi mng'ono wake.