Peugeot ya agogo ku Nthache

Kwathu ku Nthache, pansi pa mtengo wa nachesi, pali Peugeot 404 ya agogo. Anaigula ku Halale atagwirako ntchito zaka zambiri. Musaiderere poiona dzimbiri: galimoto zamtunduwu zinapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itavuta pamsewu wa Tete, agogo analeka kukatenga masipeyala kudzera pa Zobue, galimoto n'kuima. Mtendere wa 1992 unapeza atatisiya.

Chaka chino amalume amafuna kuigulitsa kwa ogula zitsulo. Ndaigula ine, pangongole. Makaniko wa pa Mwanza boma akuti injini ikhoza kulira, bola tipeze kabuleta ku Joni. Amayi akuti ndapenga. Matayala awiri ndagula kale.